Chaka Chimene Felesta Ankalera Ana a Pengwini

Anthu kuno akamakamba za chaka cha ng'amba chija, chomwe chinabwera motsatana ndi madzi osefukira, aliyense ali ndi dzina lake lochitchulira. Ena amati chaka cha kalongonda. Ena amati chaka chomwe mbuzi inkagulidwa pa mtengo wa nkhuku. Ine ndimati chaka cha apengwini, ndipo ndikatero anthu amaseka. Ine sindiseka nawo. Mbalame imeneyo sindinaionepo ndi maso angawa, koma ndinadana nayo miyezi isanu yathunthu ngati mkazi mnzanga wa pamitala.

Ndine Elube, kwathu ndi kuseri kwa Chinakanaka. M'mimba mwa amayi tinatulukamo awiri okha, ine ndi mng'ono wanga Felesta. Amayi pomwalira anatisiyira munda umodzi, tinaugawa pakati. Madzi aja atatsika m'phiri, mbali ya Felesta inakwiririka ndi mchenga ndi miyala yoti amuna anayi sangaisunthe. Mwamuna wake anali atachoka kale. Ndiye anatenga mwana wake Tiyamike, yemwe anali atangomusiyitsa kuyamwa, anamuika pamiyendo panga.

"Chaka chimodzi chokha, achemwali. Ndikapeze ya malata ndi ya mbewu, ndibwerera."

Anapita ku Kepi, ku Joni. Anayamba ndi ntchito ya m'nyumba, kenaka mayi yemwe ankamugwirira ntchitoyo anamupezera malo kwa anthu osamalira mbalame za m'nyanja. Kumeneko n'kumene nkhani yonse inachokera.

Okutobala

Nkhokwe yathu inali itayera kale. Zimene tinapulumutsa kumadzi zinatha mu Ogasiti, ndipo pakhomo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi: ine, amuna anga a Mpinda, ana athu atatu ndi Tiya. Tinkalawirira kukagalauza, chifukwa dzuwa likangokwera pang'ono mpini wa khasu unkatentha m'manja.

Felesta ankatumiza ndalama pa foni mwezi ukatha. Sindingamunamizire, ankatumiza. Za mwezi umenewo zinakwana thumba la chimanga pamsika wa pa Chonde, n'kutsalako za sopo ndi mchere.

Mwezi womwewo anatumiza kanema woyamba. Tinaunjikana pa foni tonse pansi pa mtengo wa mango. Tinaona tinthu tamsinkhu wa bakha koma toimirira ngati anthu, kumsana kwakuda, pamimba poyera, pachifuwa patadutsa mzere wakuda. Tinkayenda mopendekera uku ndi uku ngati mayi wotsala masiku kuti achire. Kamodzi kanaloza mlomo kumwamba n'kulira, ana onse anabalalika. Kankalira ngati bulu.

"Achemwali, amenewa ndiye apengwini," anatero Felesta m'kanemamo. "Ndi mbalame, koma siziuluka. Mapiko ake ndi olimba ngati thabwa, zimapalasira madzi. Pamtunda zimaoneka zopusa, koma mukanaziona m'madzi! Zimakhala m'mphepete mwa nyanja ya mchere, madzi ake ozizira moti mukapondamo mafupa amawawa. Zimakumba una pansi pa zitsamba kapena kulowa m'mipata ya miyala, n'kuikira mazira awiri. Kufungatira amasinthana, mwamuna ndi mkazi. Wina akakhala pamazira, mnzake ali m'nyanja kusaka nsomba."

A Mpinda anatenga foni, anamuimbira pa vidiyo n'kufunsa chimene mwamuna aliyense wa kuno akanafunsa. "Alamu, imadyedwa?"

"Alamu, mukangoigwira amakumangani," anayankha akuseka.

Ntchito yake inali yotsuka makola, kuchapa mataulo ndi kusungunula nsomba za mufiriji. Anationetsa beseni lodzaza. Zinali nsomba zenizeni, zonga usipa koma zotalika kuposa chikhatho, zonenepa, zonyezimira.

"Zimenezo anthu sadya?" ndinamufunsa.

"Amadya."

"Ndiye mukupatsa mbalame?"

Anati ndi zodwala ndi zovulala zokha zimene amazisunga pamenepo, zikachira amazibweza kunyanja. Ndinangoti chabwino. Tsiku limenelo ndiwo zathu zinali chigwada chopanda tomato.

Novembala

Mvula inagwa kumapeto kwa mwezi, tinadzala mbewu yobwereza yomwe ndinapempha kwa anzanga akutchalitchi. Feteleza tinalibe. Ndinamudandaulira Felesta, iye n'kundiuza nkhani ina imene ankaganiza kuti indisangalatsa.

Akuti kalekale mbalamezi zinkakumba mauna m'zitosi zawo zomwe, zimene zinaunjikana pazilumba kwa zaka zosawerengeka mpaka kukhala ngati nthaka. Kunabwera anthu ndi zombo, anapala zitosi zonsezo kukagulitsa ngati manyowa, anasiya mwala wokhawokha. Tsopano zambiri zimaikira pamtetete. Dzuwa limaphika mazira, mbalame zina zimaba, amphaka amagwira anapiye. N'chifukwa chake anthu amazipangira tinyumba n'kutikwirira pang'ono mumchenga.

"Ndiye mbalame zikumangiridwa nyumba," ndinatero, "ife khoma lomwe linagwa ndi madzi lija tidakatchingabe ndi pepala la pulasitiki."

Anangoseka, ankayesa ndikucheza.

Patapita sabata anatumiza mawu aatali, akumveka kutopa. Anati yafika nthawi yosintha nthenga. Kamodzi pachaka nthenga zonse zimathothoka kuti zimere zatsopano, ndipo pa nthawi imeneyo madzi amalowa mpaka pakhungu, choncho sizingapite m'nyanja. Zimangoima pamtunda pafupifupi masabata atatu osadya kanthu. Zimayenera kuyamba zadya kwambiri mpaka kunenepa, koma nsomba zachepa, zombo zikuluzikulu zikukokolola pafupi pomwe, ndiye zina zimayamba kusintha nthenga zisanakhute n'kufera pamiyala.

"Zomvetsa chisoni ndi zimene zinaswa mochedwa, achemwali. Nthenga zikayamba kuthothoka ana akadali m'una, makolo amangowayang'ana akulira. Si nkhanza ayi, alibe chowapatsa. Ndiye anthu athu amakawatola m'makatoni n'kubwera nawo kuno. Achuluka moti manja achepa. Andiphunzitsa kudyetsa."

Ndinamvetsera mawuwo ndili m'munda, Tiya ali kumbuyo kwanga, thukuta lake ndi langa zitasakanikirana. Panali zimene ndinafuna kuyankha. Koma ndinabweza foni m'chitenje n'kupitiriza kulima.

Disembala

Kunamveka kuti kukubwera chimanga chothandizira ovutika, ndipo mayina akawerengedwa pabwalo la sukulu. Ndinavala chitenje changa chabwino, ndinakhala kutsogolo. Anawerenga, anawerenga, mpaka pepala linatha. Langa munalibe.

Amene ankagwira pepalalo anali mayi Nakoma a mukomiti ya m'mudzi, munthu yemwe timakhala benchi imodzi kutchalitchi. Ndinawatsatira.

"Mayi, dzina langa laduka pati?"

"Silinaduke, a Elube. Sitinalilembe. Inu muli ndi munthu kunja."

"Munthu wake uti? Felesta? Amatsuka zitosi za mbalame ameneyo!"

Anthu omwe anali pafupi anafa nacho chiseko. Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pathu panatchuka kuti kwa abakha. Koma pa pepala lomwelo panali dzina la mlongo wawo wa mayi Nakoma, mwini golosale ndi njinga zamoto ziwiri zonyamula anthu. Ndinanena zimenezo mokweza. Anandiuza kuti ngati ndili ndi dandaulo ndikalembe kalata.

Ndalama zomwe mu Okutobala zinagula thumba, mu Disembala zinagula theka. Mavenda a pa Chonde anali atamenya zigoba zawo pansi kuti zilowe m'kati, ndipo ukadandaula ankangoti pita ukagule kwina. Tinayamba kudya kamodzi patsiku. M'mawa ana ndinkawaphikira mango aawisi. A Mpinda anamanga kachikwama n'kuwolokera ku Mozambiki kudzera pa Muloza, kukalima ganyu wolipidwa makaka a chinangwa.

Pa Khirisimasi Felesta anaimba kuti aone mwana. Tiya anangoyang'ana foni kamodzi n'kubisa nkhope pachifuwa panga. Felesta anali kuntchito tsiku limenelo, atavala magolovesi ndi epuloni ya pulasitiki. Anati anapiye sadziwa za Khirisimasi, amafuna phala lawo pa nthawi yake. Phalalo ndi nsomba zogaya, ndipo amalilowetsa ndi kapaipi mpaka m'mimba, chifukwa kutchire makolo amachita kuwalavulira nsomba m'kamwa.

"Tiya ali bwanji? Akudya?"

"Ali bwino," ndinatero.

Januwale

Mvula inadula chimanga chili m'chiuno. Mlungu woyamba tinati ibwera. Wachiwiri tinayamba kuyang'ana kuphiri. Phiri la Mulanje mu Januwale silioneka, limakhala litafunda mitambo, koma chaka chimenecho linkaoneka lonse mpaka mikwasa ya miyala, ngati ndi mu Seputembala. Masamba a chimanga anapindika n'kukhala ngati a anyezi. Chomwe dzuwa linasiya, mbozi za ntchemberezandonda zinalowa kumtima kwake.

Zaka zonse nyengo imeneyi ndimakathyola tiyi ku esiteti. Ndinapita katatu. Kachitatuko kapitawo anandilozera mundawo n'kunena kuti, "Mayi, onani nokha. Mukathyola chiyani pamenepa?" Tiyi sanaphuke.

Aliyense anachita zimene akanatha. A Sitolo oyandikana nafe anazula malata padenga n'kukagulitsa pa Nkando, anafolera udzu. Banja lina linabwereketsa munda wonse kwa munthu wa ku Limbe zaka zitatu, posinthana ndi matumba awiri. Mtsikana wina wa sitandade seveni anamukwatitsa kwa wogulitsa makala. Mphekesera nazo zinali mbwee. Tinamva kuti pa Nkando pafika lole ya chimanga chotsika mtengo, tinayenda wapansi kukaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chimangacho tinkachiona chikutulukira khomo lakumbuyo pa njinga za mavenda, matumba awiriawiri. Titatsala anthu khumi kuti tifike pa sikelo anati chatha. Mawa lake chimanga chomwecho tinachipeza pamsika, mtengo wake wina.

Tinatembenukira ku kalongonda. Amene si wa kuno sadziwa kuti nyemba imeneyi imafuna ulemu. Umaiphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi imakuzunguza mutu mpaka kugwa. Nkhuni zake zokha ndi ntchito. Akuluakulu ndi ana okulirapo tinkadya. Koma mwana wa zaka ziwiri sungamupatse kalongonda. Tiya ndinkamuphikira phala la madeya, lopanda shuga, lopanda nsinjiro. Ankadya masipuni atatu n'kukankha. Kenaka anayamba kutsegula m'mimba.

Mwezi umenewo ndalama zinachedwa milungu iwiri. Mayi Nakoma anandipeza pa mjigo n'kundiuza ngati akundimvera chisoni kuti amva zoti Felesta wapeza mwamuna kumeneko. "Atsikana akafika kunja amaiwala, a Elube." Sindinakhulupirire, komanso sindinakane. Makanema a mbalame okha sankachedwa. Lero zikusambira m'thanki, mawa zikukanda m'mutu, mkuja andionetsa kachigamba kofiirira kamene kali pamwamba pa diso, akuti kamafiira kwambiri kukatentha. Ine ndinkagula bandulo ndi ndalama ya mchere kuti ndimve ngati watumiza kanthu, n'kupeza bakha akulira ngati bulu.

Pano ndiyenera kunena chilungamo. Uthenga uliwonse ankamaliza ndi kufunsa za Tiya, ndipo uliwonse ndinkayankha kuti ali bwino. A Mpinda pochoka anandilangiza kuti, "Usamamuuze zodandaulitsa. Mapepala ake anatha kalekale. Akangowoloka malire kubwera kuno sadzabwereranso, ndiye tidzadya chiyani?" Ankanena zoona. Koma panalinso china. Sindinkafuna kuti mng'ono wanga amve kuti ine, mkulu wake, wobereka ana atatu, ndalephera kusunga mwana mmodzi.

Febuluwale

Tsitsi la Tiya linayamba kufiira ndi kunyonyoka. Masaya anatupa. Anasiya kulira, anasiya kusewera, ankangokhala pomwe wamuika. Amayi ena anati ndi tsempho, ena anati akunenepa. Ine ndinadziwa. Nditadina phazi lake ndi chala, dzenje linatsala pomwepo osabwerera.

Ndinapita naye kusikelo. Mlangizi wa zaumoyo anamuyeza mkono ndi kalamba koyezera ana, anadina mapazi onse awiri, n'kundiuza kuti ndipite naye kuchipatala cha pa boma tsiku lomwelo, ndipo ndikakhala naye konko milungu ingapo. Ndinabwerera kunyumba. Ndikapita, ana anga atatu awaphikira kalongonda ndani? Bambo awo ali ku Mozambiki, foni yawo sikugwira. Ndinati ndidikire mawa. Mawa linakhala mkuja. Anakwana masiku anayi. Zimenezi sindinaziuzepo anthu ambiri.

Tsiku lachinayilo masana foni inalira. Kanema. Felesta anali ataika kamwana ka pengwini mu ndowa, ndowayo ili pa sikelo. Kanali katayamba kutaya ubweya wake wotuwa, kumsana kukuoneka nthenga zosalala. Mawu ake anali a munthu wokondwa zenizeni.

"Achemwali, mukukakumbuka aka? Kanabwera kosatha n'kuima komwe, mutu uli pansi. Onani lero kulemera kwake! Ndakalera ndekha, kamwana kangaka. Posachedwa kapita kunyanja."

Kamwana kanga. Ndinanyamula Tiya, ndinamukhazika pamphasa pabwalo pomwe panali kuwala, ndinadina phazi lake mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira, mpaka anadandaula. Ndinajambula dzenjelo. Ndinajambulanso nkhope ndi tsitsi. Pansi pake ndinalemba kuti: Uyunso ndi wako. Ukamaliza kulera abakha udzabwere kudzaika maliro.

Ndinaona kuti wawerenga. Foni inayamba kuitana. Inaitana, inaitana, ine ndikuyiyang'ana. Sindinayankhe. Ndinaithimitsa n'kuilowetsa m'thumba la madeya.

M'mawa mwake ndinasiya nyumba m'manja mwa mwana wanga wamkulu, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, ndinapempha akazi a a Sitolo kuti azisuzumirako, n'kukwera kabaza ndi Tiya kupita kuchipatala.

Malichi

Felesta anandipeza m'wodi patatha masiku asanu ndi limodzi. Sindinamuzindikire msanga. M'mutu mwanga miyezi yonse ija ndinkamuona wonenepa, wosalala, wodya nsomba. Amene analowa pakhomo anali munthu wowonda kuposa ine, mapazi otupa ndi ulendo wa basi, m'manja kachikwama kamodzi. Mikono yake kuyambira m'zala mpaka m'zigongono inali zipsera zokhazokha, zina zakale, zina zaziwisi. Milomo ya mbalame zija ndi yakuthwa ngati lumo, ndipo sizidziwa kuti amene wazigwirayo akuzithandiza. Pambuyo pake ndinamva kuti ankakhala anayi m'kachipinda ka malata, chakudya chake buledi ndi tiyi, kuti zotsalazo azitumiza kuno. Pamalire anamudinda chidindo choti asadzalowenso kwa zaka.

Sanandipatse moni. Anapita pabedi n'kutambasula manja. Tiya anakuwa n'kundigwira chitenje.

Kuchipatalako mwanayo ankamupatsa mkaka wamadzimadzi, pang'onopang'ono, maola owerengeka alionse. Ine zinkandinyansa. Mwana wanjala n'kumamupatsa timadzi m'kakapu? Ndiye ndinkagula mandasi pageti n'kumamupatsa mobisa, ngakhale ankangosanza. Tsiku limene Felesta anafika anandiona ndikutulutsa ndasi m'chitenje. Anandilanda n'kuliponya pawindo.

"Mukufuna kumumaliza? Chinthu chikakhala ndi njala nthawi yaitali, mukachikhutitsa kamodzi chimafa. M'mimba mumakhala mutaiwala ntchito. Timayamba ndi madzi, kenaka phala lopyapyala, nsomba yathunthu imabwera kumapeto."

"Uyu si bakha," ndinatero.

Anamwino omwe ankadutsa anaima. "Amayi, mverani zimene akunenazo. Ndi zomwe takhala tikukuuzani sabata yonse."

Ndinakhala pansi, manyazi ndi mkwiyo zikulimbana.

Tiya ankakana kapu, ankaluma mano, ankaponya miyendo. Anamwino anali atanena kuti akapitiriza kukana amulowetsa kapaipi m'mphuno. Felesta anamukulunga m'chitenje manja ali m'kati, anamupana pakati pa mawondo ake mosamupweteka, dzanja limodzi pansi pa chibwano, linalo sipuni. Sankamunyengerera, sankamukalipira. Ankangodikira kuti apume, n'kuthira pang'ono, n'kudikiranso. Mwanayo anamuluma chala mpaka magazi, iye osagwedezeka n'komwe. Anatchera foni yake kuti izilira nthawi ya mkaka ikakwana, ndipo sanaphonyepo. Amayi ena a m'wodimo anayamba kumuitana kuti awagwirire ana awo.

Patatha sabata mapazi anaphwa. Mwana anaoneka wowonda kuposa kale, koma anamwino anati ndi mmene zimakhalira, madzi achoka. Anayamba chiponde. Tsiku lina anandilanda sipuni n'kuimenyetsa pabedi, n'kuseka. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

Tinatuluka kumapeto kwa mwezi. Mvula inali itabweranso, yochedwa kwa chimanga, koma tinaokera mbatata pomwe tinapeza mbewu. A Mpinda anabwera ndi thumba la makaka ndi malungo. Atamva kuti ndine ndinachititsa kuti Felesta abwerere, anakhala masiku awiri osandilankhula. Foni inali itasiya kubweretsa ndalama, ndipo pakhomo panawonjezeka pakamwa pena.

Ndinapitanso kwa mayi Nakoma, ulendo uno ndi Felesta yemwe.

"Munkati tili ndi munthu kunja. Nayu, wabwera. Lembani dzina."

"Pepala linatsekedwa mu Disembala, a Elube. Mukanabwera nthawi yomwe ija."

Ndimakhala nawobe benchi imodzi kutchalitchi. Pa nthawi yopatsana moni wa mtendere ndimayang'ana kumbali inayo.

Epulo ndi Meyi

Kukolola kwake kunali kochititsa manyazi. Zinsononkho zinali ngati chala chachikulu, zina zopanda njere n'komwe. Munda umene zaka zabwino umatipatsa ngolo ziwiri tinausenza pamutu maulendo atatu, n'kutha. Titatonola linakwana thumba limodzi ndi ndowa. Mtengo pamsika unatsika pang'ono kwa milungu itatu, nthawi yokwanira kuti mavenda agule kwa amene ankafuna sopo, kenaka unakweranso.

Felesta anafunsa kuntchito kuja. Malo ake anali atalowa wina. Mnzake wina anamutumizira kanema wa tsiku lomwe anamasula ana a apengwini omaliza a chaka chimenecho. Ndinamupeza akuonera kuseri kwa nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapempha ndekha kuti ndione nawo.

Anali atandandalika makatoni pamchenga, pakati pa miyala ikuluikulu yozungulira. Atawapendeketsa, timbalame tinatuluka n'kuima mounjikana, tikuyang'ana uku ndi uku. Kamodzi kanabwerera m'katoni. Kenaka kena kanayamba kuthamangira kumadzi, kakugwa, kakudzuka, tonse n'kutsatira. Funde litangotimenya tinasanduka zinthu zina, tinathamanga ngati mivi, n'kusowa.

"Tsopano amakapeza amayi awo?" ndinafunsa.

"Ayi. Amapita okha. Palibe amene amawaphunzitsa kugwira nsomba. Amakhala m'nyanja chaka kapena kuposa asanabwerere kumtunda."

"Amabwerera onse?"

"Ambiri sabwerera. Nsomba kulibe."

"Ndiye munkavutikiranji, mpaka manja kuthera zipsera?"

Anandiyang'ana. "Inu chimanga chija munadzaliranji?"

Ndinaganiza za zombo zokokolola nsomba pamaso pa mbalame zanjala, ndinaganizanso za njinga zija zotulukira khomo lakumbuyo pa Nkando, ndipo ndinaona kuti mbalame zimene ndinkatukwana miyezi yonseyi zinali anzanga a pamzere womwewo.

Julayi

Chimene chinatipulumutsa ndi mbatata ndi nandolo. Nandolo sasamala za ng'amba. Chiperoni chitayamba kuwaza, minda yomwe inatichititsa manyazi ija inali yobiriwira ndi makoko. Tiya anali atayamba kuthamanga, tsitsi lakuda likumera pansi pa lofiira lija.

Tsiku lina masana tinakhala pakhonde awiriwiri tikusenda nandolo wamuwisi. Kuyambira kuchipatala tinkalankhulana za ntchito zokhazokha, za nkhuni, za madzi, za mchere. Ndinaona kuti ndikapanda kunena tsiku limenelo sindidzanenanso.

"Felesta, chithunzi chija. Sindinatumize kuti mwana athandizike. Ndinatumiza kuti chikupweteke."

Sanasiye kusenda. "Ndikudziwa. Chinandipweteka. Ndinachiona nditagwira mbalame m'manja, ndinaiika pansi, ndinavula epuloni, sindinatsanzike n'komwe."

"Undikhululukire mawu aja."

"Mawu aja ndinakhululuka ndili m'basi. Mukanapanda kukwiya, mwana akanafa ine ndikutumiza makanema." Anataya makoko m'lichero, kenaka anandiyang'ana m'maso. "Chimene chikundikanika ndi china, achemwali. Ndi 'ali bwino' uja. Miyezi itatu ndikufunsa, inu ali bwino, ali bwino. Ndinkagona ndi njala kumeneko ndili wokondwa, poti mwana wanga ali bwino."

Ndinafuna kunena za a Mpinda, za mapepala, za ana anga atatu. Zonsezo zinali zoona, koma ndinangotola nandolo wina n'kupitiriza kusenda.

Papita zaka tsopano. Felesta sanapitenso kunja. Miyala ya m'munda mwake tinaisuntha pamodzi, mwala umene unakanika timalima mouzungulira. Mvula ikagwa timakathyola tiyi mzere umodzi, timaphika moto umodzi, timaseka. Tiya ali pasukulu. Koma Felesta akachokapo, ngakhale kungopita pa Chonde n'kubwera madzulo, sandifunsa kuti mwana waswera bwanji. Amamuitana, amamugwira pamphumi, amamuyang'ana m'maso, amadzionera yekha. Ine ndimakhala ndili pomwepo.